Makala a biochar amamanga poizoni m'nthaka, koma samupha

Anthu amene akulimbikitsa alimi kuthira makala a biochar m'minda ali ndi mfundo zomveka, ndipo zambiri mwa mfundozo ndikugwirizana nazo. Makala amenewa, omwe amapangidwa powotcha zitsononkho, makoko a mtedza, mankhusu a mpunga kapena mitengo ya nandolo pamalo pamene mpweya ukulowa pang'ono chabe, amachepetsa asidi m'nthaka, amathandiza dothi lamchenga kusunga chinyezi, ndipo amakhala m'munda zaka zambirimbiri osawola. Nthaka yakuda ya ku Amazon m'dziko la Brazil, yomwe eni dziko a kumeneko anaithira makala ndi zinyalala zaka mazana ambiri zapitazo, idakali yachonde mpaka lero, ndipo ndi imene inadzutsa chidwi cha akatswiri pa nkhaniyi. Koma pali lonjezo linanso limene limabwera pamodzi ndi ubwino umenewu, lakuti makalawa amayeretsa nthaka imene yaipitsidwa ndi mankhwala opha udzu, ophera tizilombo ndi poizoni wina wofanana nawo. Lonjezo limeneli ndi loona mbali imodzi yokha, ndipo mbali imene satchulayo ndi imene ingamudyere ndalama mlimi wamng'ono. Makala amagwira mankhwala mwamphamvu zedi, koma sawawononga, ndiponso pogwirapo sasiyanitsa poizoni wakale amene tikufuna kuti achoke ndi mankhwala amene mlimi wagula dzulo kuti amugwirire ntchito.

Tengani chitsononkho chopsa bwino, muchithyole pakati. Mupeza kuti n'chopepuka modabwitsa, ndipo mukachiponya m'madzi chimayandama kwinaku chikutulutsa tithovu, chifukwa m'kati mwake mwadzaza timibowo timene munkadutsa madzi ndi chakudya mbewu ili moyo, pamodzi ndi tina tating'ono kwambiri timene moto watsegula. Makoma a timibowo timeneti ndi ochuluka mwakuti m'galamu imodzi yokha ya makala opsa pamoto waukulu, mutawayala onse pansi angathe kukwana masikweya mita mazana angapo. Mankhwala monga atrazine, diuron, chlorpyrifos ndi DDT anapangidwa ndi kaboni wolumikizana mozungulira ndipo sasungunuka bwino m'madzi, motero akakumana ndi khoma la kaboni amakakamira pomwepo, ena n'kulowa m'timibowo topanikiza momwe kutulukamo n'kovuta. N'chifukwa chomwechi kuchipatala munthu amene wamwa poizoni nthawi zina amamumwetsa makala okonzedwa mwapadera, kuti agwire poizoniyo asanalowe m'magazi. Ukulu wa moto nawo uli ndi mbali yaikulu. Makala opsa pa madigiri 300 mpaka 400 amatsala ndi mbali zina zosapsa kwenikweni, zomwe zimamwa mankhwala koma n'kumawatulutsanso mosavuta, pamene opsa pa madigiri 600 kupita m'tsogolo amakhala ndi timibowo tambiri ndipo akagwira sataya msanga. Munthu amene akulankhula za mphamvu ya makalawa osatchula chimene anawotcha ndi ukulu wa moto umene anawotchera sanauze mlimi kanthu kothandiza.

Mphamvu imeneyi inayezedwa kalekale. M'chaka cha 2003, Yang ndi Sheng a pa yunivesite ya Arkansas ku America anapeza kuti zotsalira zakuda za mapesi a tirigu ndi mpunga owotchedwa zinkagwira mankhwala opha udzu a diuron kuposa dothi wamba maulendo 400 mpaka 2,500. M'chaka cha 2009, Yu, Ying ndi Kookana anawotcha nkhuni za mtengo wa mtundu wa bulugamu pa madigiri 450 ndi 850, nasakaniza makalawo m'dothi lothiridwa mankhwala ophera tizilombo a chlorpyrifos ndi carbofuran, kenaka nadzalamo anyezi wamasamba. M'dothi limene munali 1 peresenti ya makala a moto waukuluwo, chlorpyrifos wopezeka mu anyezi anatsika kufika pa 10 peresenti ya amene anapezeka mu anyezi wa dothi lopanda makala, ndipo carbofuran anatsika kufika pa 25 peresenti.

Zotsatira zotere si zozinyoza, ndipo pali malo amene ine ndingalimbikitse makalawa mosakayika. Mankhwala ena akale, monga DDT, dieldrin ndi chlordane, omwe pangano la ku Stockholm la 2001 linawaletsa kapena kuwaikira malire okhwima, amatha zaka makumi ali m'nthaka. Mbewu za banja la maungu ndi nkhaka zimadziwika kuti zimakoka mankhwala oterewa kuposa mbewu zina zambiri, ndipo ku Switzerland akatswiri anasonyeza kuti kuthira makala okonzedwa mwapadera m'dothi loipitsidwa ndi dieldrin kumachepetsa poizoni wolowa m'nkhaka. Chitsanzo chowawa kwambiri chili ku zilumba za Guadeloupe ndi Martinique, komwe kuyambira 1972 mpaka 1993 ankathira chlordecone m'minda ya nthochi pofuna kupha kachilombo koboola tsinde. Papita zaka zoposa 30 chisiyireni mankhwalawo, koma akadali m'dothi, akulowa m'mbatata, m'zilazi, m'mitsinje ndi m'nsomba, ndipo akuluakulu oposa 90 pa 100 alionse a m'zilumbazi ali nawo m'magazi. Palibe boma limene lingakumbe dothi la chilumba chonse n'kukalitaya kwina. Pamalo otere, chinthu chimene chingatsekere poizoni m'dothi kuti asafike m'mbale ya mwana ndi chamtengo wapatali, ndipo n'zomveka kuti akatswiri akuyesa makala kumeneko. Chimodzimodzinso dimba limene lili kumunsi kwa malo amene ankasungirapo mankhwala a thonje kapena a fodya, kapena pafupi ndi dibi lakale la ng'ombe.

Koma tiyeni tibwerere ku kafukufuku wa anyezi uja, chifukwa ali ndi nambala zina zimene otsatsa makala sakonda kuzibwereza. Patatha masiku 35, m'dothi lopanda makala 86 mpaka 88 peresenti ya mankhwala aja anali atatha. M'dothi la makala a moto waukulu, carbofuran amene anatha anali 51 peresenti yokha, ndipo chlorpyrifos anali 44 peresenti. Anyezi anali ndi poizoni wochepa, koma dothi linatsala ndi poizoni wochuluka kuposa limene silinathiridwe kanthu. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: chimene chimaphwanya mankhwala m'nthaka makamaka ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya ndi nkhungu, ndipo timeneti timadya zimene zasungunuka m'madzi a m'dothi. Mankhwala akabisala m'kabowo kochepa kuposa thupi la bakiteriya, muzu wa mbewu suwafikira, koma nayenso wowaphwanya uja sawafikira. Galu wolusa akamangidwa, ana amadutsa pabwalo mwamtendere, koma galuyo ali moyo, ndipo mtendere wa anawo wagona pa kulimba kwa chingwe.

Ndipo mphamvu yogwirayo siikhala chimodzimodzi mpaka kalekale. Ku New South Wales m'dziko la Australia, akatswiri anayerekeza makala atsopano ndi ena amene anakhala m'munda miyezi 32, napeza kuti okalambawo anali atataya mbali yaikulu ya mphamvu yawo yogwira atrazine ndi diuron. M'munda weniweni timibowo timatsekeka ndi dongo komanso manyowa osungunuka, ndipo makoma a khala amasintha chifukwa cha mpweya ndi madzi. Izi sizitanthauza kuti zonse zimene khala linagwira kale zimatuluka tsiku limodzi, koma zikutiuza kuti zimene zayezedwa m'botolo kwa sabata zingapo sizingakhale maziko olonjezera mlimi chitetezo cha zaka 20. Pamene makala athiridwa pofuna kutsekera poizoni, pamafunika wina wobwererako chaka ndi chaka kukayeza dothi ndi mbewu, ndipo mtengo wa ntchito imeneyo uyenera kuwerengedwa kuyambira pachiyambi.

Nkhawa yanga yaikulu, komabe, ili pa mankhwala opha udzu, chifukwa apa m'pamene nkhaniyi ikukhudza thumba la mlimi wa ku Malawi ndi ku Zambia mwachindunji. Ulimi wa mleranthaka, umene ambiri amautcha mtayakhasu, wapangitsa kuti alimi ambiri ayambe kudalira mankhwala m'malo mopalira, makamaka poti ganyu wopalira wakwera mtengo ndipo amasowa pa nthawi imene aliyense ali kalikiliki m'munda mwake. Mankhwalawa ali m'magulu awiri. Ena, monga glyphosate, amapoperedwa pa masamba a udzu womera kale, ndipo makala a m'dothi sasokoneza ntchito yawo kwenikweni. Koma ena, monga atrazine, metolachlor ndi acetochlor, amapoperedwa pa dothi lachinyezi mbewu zitangodzalidwa, ndipo amayenera kukhala m'madzi a m'dothimo kuti udzu ukamamera uwamwe n'kufa. Awa ndi amene makala amawalanda. Akatswiri a ku Arkansas aja anasonyeza kuti makala a mapesi a tirigu akachuluka m'dothi, diuron amalephera kupha udzu wina wovuta wa m'minda ya mpunga, ndipo ku Israel gulu la Ellen Graber linapeza m'chaka cha 2012 kuti makala a timibowo tambiri amafooketsa metolachlor ndi sulfentrazone.

Taganizirani mmene izi zingaonekere pamudzi. Mayi wagulitsa mbuzi n'kugula botolo la mankhwala. Wabwereka sipuleya, wayeza mankhwala ndi chivindikiro cha botolo monga anamuuzira wogulitsa, watunga madzi kudambo maulendo angapo, wapopera munda wonse mvula yoyamba itangogwa. Patatha sabata zitatu udzu wamera ngati sanachitepo kanthu. Mayiyu sangaganizire makala amene anamwaza mu Okutobala, chifukwa amene anamuphunzitsa kuwawotcha anangomuuza za chonde ndi chinyezi. Adzanena kuti anamugulitsa mankhwala achinyengo, kapena adzaganiza kuti anathira ochepa, ndipo chaka chamawa adzathira zivindikiro ziwiri m'malo mwa chimodzi. Pamenepo ndiye kuti chinthu chimene chinabwera ndi dzina loyeretsa nthaka chachulukitsa mankhwala olowa m'nthakamo, chachulukitsanso amene akugwera pa khungu la wopoperayo, yemwe kawirikawiri amakhala wopanda magolovesi kapena chophimba pamphuno. Atrazine si mankhwala owaseweretsa: mayiko a European Union anamuchotsa pamsika m'chaka cha 2004 chifukwa ankapezeka m'madzi a pansi pa nthaka mopitirira malire. Ndiwonjezere kuti chizolowezi chathu chotentha mapesi posasa m'munda chimasiya kale zotsalira zakuda pamwamba penipeni pa dothi, pamalo pomwe mankhwalawa amagwera, ndipo zotsalira za mtundu umenewu ndi zomwe akatswiri a ku Arkansas aja anayeza m'chaka cha 2003.

Wina anganditsutse, ndipo chitsutso chake chingakhale cholemera. Anganene kuti 1 peresenti ya makala m'dothi la pamwamba la masentimita 15 ndi pafupifupi matani 20 pa hekitala, mlingo umene mlimi wa zitsononkho zapakhomo sangaufikire ngakhale atawotcha zaka khumi. N'zoona. Koma alimi athu salangizidwa kumwaza makala munda wonse. Kafukufuku amene Gerard Cornelissen wa ku Norwegian Geotechnical Institute anachita ku Zambia pamodzi ndi Conservation Farming Unit ndi University of Zambia, yemwe anasindikizidwa m'chaka cha 2013, anathira matani 4 pa hekitala m'maenje odzalamo okha. Pa dothi lamchenga la asidi ku Kaoma chimanga chinabereka kuposa katatu poyerekeza ndi chopanda makala, pamene m'malo ena kusintha kunali kochepa kapena kunalibe. Popeza maenjewo ndi gawo laling'ono la munda, mlingo wa makala m'kati mwa dzenje umakhala waukulu kwambiri kuposa mmene nambala ya matani 4 ikumvekera, ndipo umawonjezekera chaka chilichonse chimene mlimi wathiranso pamalo omwewo. M'dzenje momwemo ndi mmene mumakhala mbewu yokutidwa mankhwala, ndiponso mankhwala othira m'dothi olimbana ndi chiswe, mbozi zodula mizu ndi tinyongolotsi ta m'mizu. Pa nazale ya fodya ndi pa bedi la tomato kapena rape m'dimba, pomwe malo ndi ochepa ndipo mankhwala ndi ambiri, mlingo wa 1 peresenti ungafikidwe ndi matumba ochepa chabe. Chitsutsochi chikutiphunzitsa chinthu chothandiza: vutoli limadalira pamene makala aikidwa. Okwiriridwa m'phando sakumana kwambiri ndi mankhwala opopera pamwamba, pamene omwazidwa pamwamba amakumana nawo onse. Limeneli ndi langizo lalifupi, ndipo liyenera kukhala m'phunziro lililonse la kawotchedwe ka makalawa.

Si mankhwala onse amene makala amawagwira. Glyphosate akafika m'dothi amakakamira pa chitsulo ndi aluminiyamu, zomwe zimachuluka m'dothi lofiira la katondo, ndipo makala akachepetsa asidi angathe kufooketsa kugwira kumeneku. Mankhwala monga 2,4-D nawonso sagwidwa mwamphamvu asidi akachepa. Ndiponso fumbi la makala ndi lopepuka, motero pa munda wotsetsereka wopanda milambala madzi a mvula angalinyamule pamodzi ndi chilichonse chimene lagwira n'kukalisiya mumtsinje.

Palinso nkhani ya ukhondo wa makala eniakewo. Chomera chikamapsa mopanda mpweya wokwanira chimatulutsa utsi wokhala ndi phula, momwe muli mankhwala a gulu la PAH, ena mwa iwo oyambitsa khansa. Utsiwo ukapsa kapena kuchoka, makala amatsala oyera, koma ukazizira n'kubwerera pa makalawo, poizoniyo amalowa nawo m'munda. Kafukufuku wa 2012 amene anayeza mitundu ya makala yoposa 50 anapeza kuti ambiri owotchedwa pang'onopang'ono anali ndi PAH wochepa, zomwe n'zolimbikitsa, komabe ku Ulaya satifiketi ya European Biochar Certificate inaika malire a PAH ndi zitsulo zoopsa chifukwa kawotchedwe koipa kalipo ndithu. Njira ya dzenje lotseguka lotchedwa Kon-Tiki, imene bungwe la Ithaka Institute la ku Switzerland linafalitsa kuyambira 2014, imathandiza chifukwa lawi la pamwamba limatentha utsi usanathawe, ndipo mlimi angakumbe dzenjelo ndi khasu lake. Khala lopsa bwino silinunkha utsi ndipo silisiya mafuta m'manja. Mwaye wake umachoka ndi madzi okha. Koma moto wa njira imeneyi ndi waukulu, kutanthauza kuti makala ake oyerawo ndi omwenso amagwira mankhwala mwamphamvu. Za kuwotcha matabwa opakidwa penti, mapolo onyikidwa m'mankhwala kapena zinyalala zosakanikirana ndi mapulasitiki, zimenezo ziyenera kuletsedwa mosanyengerera. Ndiyeneranso kutchula kuti m'dziko ngati Malawi, limene mabanja ake oposa 90 pa 100 alionse amaphikira nkhuni ndi makala, ntchito iliyonse yolimbikitsa biochar imene ingachititse munthu kudula mtengo wachilengedwe yalakwa isanayambe.

Msika wa kaboni ukuwonjezera changu pa nkhani yonseyi. Makampani a kunja amalipira pa tani iliyonse ya kaboni wokwiriridwa m'nthaka, ndipo malamulo a msikawu amakonda makala okhalitsa, omwe kawirikawiri ndi a moto waukulu. Wolandira ndalama za kaboni amawerenga matani amene alowa m'dothi, ndipo udzu umene wakana kufa m'munda mwa mayi uja suoneka m'mabuku ake. Sindikunena kuti mabungwe amenewa ali ndi zolinga zoipa, pakuti ambiri mwa ogwira ntchito zawo amafunira alimi zabwino. Ndikunena kuti chimene sichiwerengedwa sichisamalidwa, choncho amene amapereka chilolezo ku ntchito zoterezi ayenera kulamula kuti kasakanizidwe ka makala ndi mankhwala a m'munda kakhale mbali ya maphunziro ndi ya malipoti.

Mabungwe oti achite zimenezi tili nawo. Malo a kafukufuku a Chitedze ndi Bvumbwe, sukulu ya LUANAR ku Bunda, komanso malo a kafukufuku a Mount Makulu ku Zambia ndi University of Zambia, angathe kuyesa makala a zitsononkho, makoko a mtedza ndi mankhusu a mpunga pa dothi la katondo, lamchenga ndi la makande, pogwiritsa ntchito mankhwala omwe akugulitsidwa m'mashopu a zaulimi lero, ndipo kuyesako kuchitike m'munda kwa zaka zosachepera zitatu kuti kukalamba kwa makala kuoneke. Bungwe loyang'anira mankhwala a m'munda ku Malawi la Pesticides Control Board, lomwe linakhazikitsidwa pansi pa lamulo la 2000, ndi bungwe loyang'anira zachilengedwe ku Zambia la ZEMA, ali ndi mphamvu pa zolembedwa pa botolo la mankhwala. Mabotolo ambiri a mankhwala opopera pa dothi amasiyanitsa kale mlingo wa dothi lamchenga ndi ladongo, ndipo kuwonjezerapo chenjezo la dothi lothiridwa makala, lolembedwa m'chilankhulo chimene mlimi amawerenga, si ntchito yaikulu. Aliyense wogulitsa biochar m'matumba alembe chimene anawotcha ndi njira imene anawotchera. Ndipo ntchito yotsekera poizoni pa malo oipitsidwa isasakanizidwe ndi ntchito yowonjezera chonde: yoyambayo imafuna makala a moto waukulu, mlingo wochuluka ndi kuyeza kosalekeza, pamene yachiwiriyo imafuna makala ochepa, osakaniza ndi manyowa, oikidwa pamene pali mizu.

Kwa mlimi amene akufuna kuyamba dzinja lino, alangizi anene zinthu momveka. Makala awanyike kaye m'manyowa kapena kompositi kwa sabata zingapo, zomwe zimathandiza kuti asalande chakudya cha mbewu ndiponso zimatseka ena mwa timibowo tija. Awakwirire m'phando, osati kuwamwaza pamwamba, makamaka ngati adzapopera mankhwala a pa dothi. Asiye mizere ingapo yopanda makala kuti adzathe kuyerekeza yekha kameredwe ka udzu ndi kakulidwe ka chimanga. Udzu ukakana kufa pamene pali makala, apalire ndi khasu kapena afunse alangizi za mankhwala a pa masamba, koma asawonjezere mlingo kupitirira umene walembedwa pa botolo.